Khosi likamapweteka: thandizo la manja ndi kulimbitsa minofu

Khosi ndi ciwalo cacing'ono, koma nchito yake ndi yaikulu. Limanyamula mutu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilo 5. Ndiye taganizirani mayi amene wasenza cigubu ca malita 20 kucokera pa mjigo. Madzi okhawo ndi makilo 20. Kuphatikiza ndi mutu, khosi lake lanyamula makilo 25. Bambo wosenza thumba la mbatatesi ku Angónia, msodzi wosoka ukonde ku Metangula, telala woweramira makina tsiku lonse, onsewa khosi lawo silipuma.

N'cifukwa cake kupweteka kwa khosi kuli paliponse. Ambiri amangopirira. Ena amamwa mapiritsi mwezi ndi mwezi. Ena amapempha mnzawo kuti awapotokole khosi mpaka lilire. M'nkhani ino tiona njira ziwiri zimene zimathandizadi: thandizo la manja, ndi masewera olimbitsa minofu. Tionanso nthawi imene muyenera kusiya zonse n'kuthamangira ku cipatala.

Kodi m'khosi muli ciyani?

M'khosi muli timafupa 7 tosanjikizana. Pakati pa timafupa tambiri pali kanthu kofewa kokhala ngati nkhata. Nchito yake ndi yofanana ndi nkhata imene timaika pamutu posenza: kuteteza kuti zolimba zisakhulane.

Pakati pa timafupati pali mphako. M'mphakomo mumadutsa cingwe cofewa cocokera ku ubongo kupita kumsana. Kucokera m'cingwe cimeneci mumatuluka mitsempha yopita m'mapewa, m'mikono mpaka ku zala. Mitsempha imeneyi ndiyo imanyamula uthenga. N'cifukwa cake vuto la m'khosi nthawi zina limamveka ku dzanja.

Kuzungulira zonsezi pali minofu. Ina ndi yaikulu, mutha kuigwira ndi dzanja kuyambira kunkhongo mpaka pa phewa. Ina ndi yaing'ono, ili mkati, kutsogolo kwa timafupa. Minofu imeneyi ili ngati zingwe zimene zimagwira mzati kuti usagwe. Zingwe zikafooka, mzati umavutika.

N'ciyani cimapweteketsa khosi?

Kwa anthu ambiri, palibe fupa lothyoka kapena locoka m'malo. Cimacitika n'cakuti minofu yatopa, ndipo molumikizira mafupa mwauma. Zimene zimabweretsa vutoli timazidziwa bwino: kusenza katundu wolemera ulendo wautali, kuwerama nthawi yaitali polima kapena pocapa, kuyang'ana pansi pa foni, kugona mutu utapindika, ndiponso nkhawa. Eetu, nkhawa. Munthu amene ali ndi maganizo ambiri amakweza mapewa osadziwa, ndipo minofu imakhala yokungika tsiku lonse.

Ngakhale ife a m'kalasi ya akuluakulu zimatikhudza. Munthu amene wangoyamba kulemba amagwira pensulo mwamphamvu, nkhope pafupi ndi kope, mwina atakhala pa mphasa. Pakatha ola limodzi, khosi lauma.

Nkhani yabwino ndi iyi: kupweteka kwa mtundu uwu nthawi zambiri kumacepa pakapita masiku kapena masabata ocepa. Koma kumakonda kubwereranso. Ndiye funso lathu likhale pawiri. Ndicite ciyani kuti ululu ucepe lero? Nanga ndicite ciyani kuti usamabwerebwere?

Coyamba, dziwani zizindikiro zoopsa

Musanayambe kutikita kapena kucita masewera, werengani bwino gawo ili. Pali kupweteka kwa khosi kumene sikufuna manja a munthu wa pakhomo. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo mukaona cimodzi mwa izi:

Khosi lauma gwa, thupi latentha, mutu ukupweteka kwambiri, mwina munthu akusanza kapena akusokonezeka. Awa angakhale matenda oumitsa khosi. Amapha msanga, makamaka ana. Musadikire kuti kuce.

Khosi layamba kupweteka munthu atagwa mumtengo, pa njinga yamoto, kapena pa ngozi ya galimoto. Musamukoke, musamupotokole, musamukhazike tsonga. Mutu ndi thupi zikhale mowongoka pomunyamula. Fupa likakhala kuti lathyoka, kumugwedeza kungamuphetse ziwalo moyo wake wonse.

Mkono kapena mwendo wafooka, zinthu zikugwa m'manja, munthu akuyenda modzandira, kapena mkodzo ukutuluka wokha.

Cizungulire cadzidzidzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kapena pakamwa kupotoka.

Ululu umene sukusiya ngakhale usiku, pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutsokomola nthawi yaitali, kapena zotupa m'khosi. Paja TB sigwira mapapo okha. Imagwiranso mafupa a msana ndi a khosi, ndipo ili ndi mankhwala. Amene ali ndi HIV asacedwe n'komwe akaona zimenezi.

Ngati palibe ciliconse mwa izi, mtima ukhale m'malo. Tiyeni tione zocita.

Thandizo la manja

Thandizo la manja ndi pamene munthu wina akugwiritsa nchito manja ake pa khosi ndi mapewa anu. Ku cipatala, amene anaphunzira nchito imeneyi amachedwa fisioterapeuta, ndipo gawo lawo limachedwa fisioterapia. Amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu, monga za m'mizinda ya Tete ndi Lichinga. Njira yake ndi kuyambira pa cipatala ca kwanu. Akaona kuti m'pofunika, amakulemberani kalata yopita nayo kumeneko.

Pali mitundu itatu ya thandizo la manja.

Woyamba ndi kutikita minofu. Manja amakanikiza ndi kusisita minofu yokungika kuti ifewe.

Waciwiri ndi kuyendetsa molumikizira mafupa. Wodwala amagona. Katswiri amakankha timafupa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, osafulumira. Nthawi zina amagwira nchito pa msana wa pakati pa mapewa, cifukwa pamenepo pakauma, khosi limavutikanso.

Wacitatu ndi kukankha kamodzi mofulumira, kumene kumamveka kuti "kho!" Anthu ambiri amaganiza kuti phokosolo ndi fupa limene labwerera m'malo mwake. Ayi ndithu. Ndi mpweya wa m'timadzi ta molumikizira mafupa, monga zimamvekera mukathyola zala. Phokoso si umboni wakuti mwacira. Ndipo njira imeneyi ili ndi ngozi yake. M'khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo. Sizicitika kawirikawiri, koma kupotokola khosi mwamphamvu kungavulaze mtsempha wotere n'kubweretsa sitiroko. Conco musalole mnzanu, wometa tsitsi kapena wina aliyense wosaphunzira kuti akupotokoleni khosi.

Nanga pakhomo tingacite ciyani? Kutikita kokha, ndipo mofatsa. Wodwala akhale pa mpando, mikono itatsamira pa tebulo. Wothandiza apake timafuta pang'ono m'manja, ngakhale mafuta ophikira. Asisite minofu ya m'mbali mwa khosi ca kumbuyo, kutsika mpaka pa mapewa, kwa mphindi 5 mpaka 10. Asakanikize pa mafupa a pakati. Asakanikize kutsogolo kwa khosi, kumene kuli kholingo ndi mitsempha ya magazi. Azifunsa kuti, "Mukumva bwanji, mayi? Ndicepetse?" Wodwala akamakwinya nkhope, ndiye kuti mphamvu yacuruka.

Kuthowa kumathandizanso. Viikani kansalu m'madzi ofunda, finyani, ikani pa khosi kwa mphindi 10 kapena 15. Yambani mwayesa pa mkono wanu kuti madzi asakuwauleni.

Kutema mphini sikulimbitsa mnofu ngakhale umodzi. Ndipo lezala limodzi likagwira anthu angapo, lingapatsire HIV ndi matenda a ciwindi.

Cifukwa ciyani manja okha sakwanira?

Munthu akatikitidwa bwino amadzuka akumva kupepuka. Khosi limatembenuka, ululu umacepa. Koma mawa lake cigubu cija cili pompo, khasu lili pompo, ndipo minofu ikadali yofooka monga dzulo. Pakapita masiku, ululu uja wabwerera.

Manja amatsegula njira. Amacepetsa ululu kuti muthe kuyendetsa khosi mopanda mantha. Koma mnofu umalimba pokhapokha mwini wake akamaugwiritsa nchito. Palibe amene angakulimbitsireni, monga palibe amene angakuphunzirireni kuwerenga.

Akatswiri anaziyesa zimenezi. M'caka ca 2003, ofufuza a ku Finland anafalitsa zimene anapeza pa amayi 180 ogwira nchito m'maofesi, amene khosi linkawapweteka kwa nthawi yaitali. Anawagawa m'magulu atatu. Magulu awiri anaphunzitsidwa masewera olimbitsa minofu ya khosi ndi mapewa, oti azicita kunyumba katatu pa sabata. Gulu lacitatu linangolangizidwa kuwongola minofu ndi kucita masewera wamba. Patatha caka, amayi a m'magulu awiri aja ululu wawo unacepa kwambiri kuposa a gulu lacitatu. Amayi amenewa sankasenza madzi ngati ife, koma minofu ya khosi ndi yomweyo. Lero madokotala ambiri amalangiza kuphatikiza ziwirizi: manja ndi masewera.

Masewera 6 ocitira pakhomo

Safuna ndalama kapena makina. Khalani pa mpando kapena pa benchi, mapazi pansi, msana wowongoka. Pumani bwinobwino, musagwire mpweya.

1. Kubweza cibwano. Yang'anani kutsogolo. Kokerani cibwano m'mbuyo, ngati kamba akubweza mutu m'cigoba. Musaweramitse mutu, musaukwezenso. Werengani mpaka 5, kenako masulani. Citani ka 10. Awa amadzutsa timinofu ta mkati tija.

2. Kuceuka. Tembenuzani mutu pang'onopang'ono kumanja, ngati wina wakuitanani kumbuyo. Fikani pamene mungathe popanda kukakamiza. Bwererani pakati, kenako kumanzere. Citani ka 5 mbali iliyonse.

3. Khutu ku phewa. Pendeketsani mutu kuti khutu liyandikire phewa. Phewa lisakwere kudzakumana ndi khutu. Werengani mpaka 10. Citani ka 3 mbali iliyonse.

4. Kukankhana ndi dzanja. Ikani cikhatho pa mphumi. Mutu ukankhe dzanja, dzanja likanize, koma mutu usasunthe. Werengani mpaka 5. Citaninso cimodzimodzi dzanja lili kunkhongo, kenako pamwamba pa khutu lamanja, kenako lamanzere. Mbali iliyonse ka 5. Sabata yoyamba kankhani mopepuka.

5. Kukoka mphira. Dulani mphira ku cubu cakale ca njinga. Ukulungeni pa mzati wolimba, molingana ndi cifuwa canu. Gwirani nsonga zonse ziwiri. Kokerani zigongono m'mbuyo mpaka mafupa awiri a kumbuyo kwa mapewa ayandikane. Bwezani pang'onopang'ono. Citani ka 10, pumani, bwerezaninso. Yang'anani mphirawo tsiku lililonse kuti usaduke n'kukumenyani m'maso. Ngati mulibe mphira, citani opanda kanthu m'manja.

6. Kukweza mabotolo. Dzazani madzi m'mabotolo awiri a theka la lita. Lililonse limalemera theka la kilo. Imirirani, botolo kudzanja lililonse. Kwezani mikono m'mbali mpaka ifike molingana ndi mapewa, kenako tsitsani mosafulumira. Citani ka 10, pumani, bwerezaninso. Zikayamba kupepuka, thirani mcenga m'malo mwa madzi, kapena tengani mabotolo a lita imodzi.

Masewera 1, 2 ndi 3 citani tsiku lililonse, ngakhale kawiri. Masewera 4, 5 ndi 6 citani katatu pa sabata, mwacitsanzo Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu. Minofu imafuna tsiku lopuma kuti ikule. Ngati khosi langoyamba kumene kupweteka ndipo ululu ndi waukulu, yambani ndi atatu oyambawo basi. Enawo muwonjezere ululu ukatsika.

Mwina wina anena kuti, "Ine ndimalima tsiku lonse, masewera enanso a ciyani?" Funso labwino. Kulima kumatopetsa minofu yomweyomweyo, mutu uli cowerama. Minofu yobweza mutu ndi mapewa m'mbuyo imatsala osagwira nchito. Masewerawa amalimbitsa imene khasu limaisiya.

Kodi zikamapweteka ndisiye?

Kumva kukoka kapena kuwawa pang'ono si vuto, bola kuthe pofika mawa lake. Ngati mawa ululu wakula, musasiyiretu. Cepetsani mphamvu kapena ciwerengero. Koma siyani pomwepo ndipo kaonaneni ndi a cipatala ngati ululu ukuthamangira ku mkono ngati moto, zala zikucita dzanzi, kapena mukumva cizungulire.

Musayembekezere kusintha pa masiku atatu. Minofu imatenga masabata 6 mpaka 12 kuti mphamvu yake ioneke bwino. Paja akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tengani kope lanu, jambulani mizere ya masiku a sabata. Tsiku limene mwacita masewera, lembani cizindikiro. Lamlungu lililonse lembani nambala ya ululu wanu, kuyambira 0 mpaka 10. Nambala 0 ndiye kuti palibe ululu, 10 ndiye ululu woopsa. Pakatha mwezi mudzaona nokha ngati nambala ikutsika. Mukapita ku cipatala, tengani kopelo. Lidzakuyankhulirani.

Zina zothandiza pa nchito za tsiku ndi tsiku

Musagone tsiku lonse cifukwa ca khosi. Kugona kwambiri kumaumitsa khosi. Pitirizani nchito zopepuka ndi kuyenda.

Posenza, pindani nkhata yokhuthala. Pemphani wina akutwikeni ndi kukutulani, cifukwa khosi limavulala kwambiri pokweza ndi potsitsa katundu. Katundu ali pamutu, musaceuke ndi khosi lokha, tembenukani thupi lonse. Masiku amene khosi likupweteka, maulendo awiri a malita 10 ndi abwino kuposa ulendo umodzi wa malita 20.

Nchito yotunga madzi ndi kutola nkhuni isakhale ya munthu mmodzi. Timati mutu umodzi susenza denga. Nanga bwanji mutu umodzi uzisenza madzi a banja lonse? Abambo ndi anyamata, njinga ija inganyamule zigubu ziwiri ulendo umodzi. Ndipo ana aang'ono asasenze katundu wa akuluakulu, mafupa awo akadakula.

Polima, posoka kapena polemba, imani pakatha theka la ola. Wongokani, bwezani cibwano kasanu, zungulizani mapewa. Foni ikwezeni kufupi ndi maso m'malo motsitsa mutu. Polemba, ikani kope pa tebulo kapena pa thabwa lokwera.

Pogona, gonani cammbali kapena cagada. Kugona cafufumimba kumapotoza khosi usiku wonse. Pilo asakhale wamtali kwambiri. Ngati mulibe, pindani kapulana kuti idzaze mpata wa pakati pa khutu ndi phewa.

Kolala yomanga m'khosi musavale mwa inu nokha. Mukaivala masiku ambiri, minofu imafooka. Valani pokhapokha a cipatala atanena.

Paracetamol angathandize masiku oyamba, mukatsata malangizo a cipatala. Ibuprofen si wa aliyense: amayi oyembekezera, odwala zilonda za m'mimba ndi odwala impso afunse kaye. Mapiritsi amagonetsa ululu, koma sawonjezera mphamvu m'khosi.

Mukapita ku cipatala

Ngati papita masabata 4 mpaka 6 mukucita zonsezi koma palibe kusintha, pitani akakuoneni. Fotokozani zinthu zinayi: ululu unayamba liti, uli pati, umakula mukamacita ciyani, ndipo ukufika ku mkono kapena ayi. Musakhumudwe akapanda kukujambulani mafupa. Pa kupweteka wamba kwa khosi, cithunzi nthawi zambiri sicisintha thandizo. Anthu ambiri acikulire mafupa awo amaoneka operepeseka pa cithunzi, koma sakumva ululu uliwonse.

Mukakumana ndi a fisioterapia, musangogona kuti akutikiteni basi. Afunseni kuti, "Kodi kunyumba ndizikacita masewera ati? Kangati?" Apempheni akuonetseni, inu mucite iwo akuona, kuti akukonzeni. Iwo mudzakhala nawo mphindi zocepa. Masiku ena onse a sabata, khosi lili m'manja mwanu.

Mafunso okambirana m'gulu

1. M'khosi muli timafupa tingati?
2. Chulani zizindikiro zitatu zofunika kuthamangira nazo ku cipatala.
3. Cifukwa ciyani si bwino kupotokola khosi la mnzanu?
4. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilo angati? Nanga mukaphatikiza ndi mutu?
5. Pakhomo panu amasenza madzi ndi nkhuni ndani? Mungagawane bwanji nchitoyi?
6. Lembani m'kope masiku atatu amene muzicita masewera olimbitsa minofu sabata ino.